Tsabola Anabwera Pambuyo: Mmene Zakudya za ku Sichuan Zinapezera Moto Wake

Munthu akaona dzina la Sichuan pakhomo la malo odyera a Chitchaina, kaya ndi ku London, ku Johannesburg kapena ku Beijing komwe, amadziwiratu zimene zikumudikira m'katimo: mbale zofiira ndi tsabola, thukuta pamphumi ndi milomo yonjenjemera. Mbiri imeneyi ili ndi pogwira, chifukwa anthu a m'chigawochi amadyadi tsabola wambiri. Chodabwitsa n'chakuti kaphikidwe ka ku Sichuan kanali kotchuka kale zaka zoposa 1,600 zapitazo, pamene tsabola wofiira wakhala m'miphika ya kumeneko kwa zaka zosakwana 300. Kuti timvetse chifukwa chimene mlendo ameneyu anakhazikikira msanga chotero, tiyenera kuyamba taona nthaka, mchere, nkhondo ndi umphawi zimene zinamukonzera malo.

Chigawo cha Sichuan chili kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la China, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti kuli anthu oposa 83 miliyoni. Likulu lake ndi Chengdu. Mzinda wa Chongqing, umene kaphikidwe kake sitingakalekanitse ndi ka Sichuan, unali mbali ya chigawochi mpaka mu 1997 pamene boma linaupatula kuti uziyang'aniridwa mwachindunji kuchokera ku Beijing. Pakati pa dera lonseli pali chigwa chachikulu chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo mitsinje ya Min, Tuo ndi Jialing imadutsa m'chigwamo kukathira mu mtsinje waukulu wa Yangtze. Cha m'ma 256 Yesu asanabadwe, bwanamkubwa Li Bing anatsogolera ntchito yogawa madzi a mtsinje wa Min pamalo otchedwa Dujiangyan. Sanatchinge mtsinjewo ndi khoma, anaugawa pakati kuti madzi ena azilowa m'minda, otsalawo azipitirira ulendo wawo, ndipo ngalande zimenezo zikugwirabe ntchito mpaka lero. Zinasandutsa chidikha cha Chengdu kukhala dziko la mwanaalirenji lodzala mpunga, ndiwo zamasamba, nkhumba ndi mbewu ya mtundu wa mpiru imene njere zake amayenga mafuta ophikira a fungo lamphamvu. Kumene njala sifika kawirikawiri, anthu amapeza mpata wokangana za kakomedwe ka chakudya. Wolemba mbiri Chang Qu, amene anakhala m'zaka za m'ma 300, analemba kuti anthu a dera limeneli amalemekeza zokoma ndipo amakonda zonunkhira zoluma pakamwa. Pamene ankalemba zimenezo, tsabola anali asanatuluke ku America.

Zoluma pakamwa za nthawi imeneyo zinali jinja, njere za mpiru, zipatso za mtengo wotchedwa zhuyu, ndipo koposa zonse huajiao. Anthu akunja amamutchula tsabola wa ku Sichuan, koma alibe ubale ndi tsabola wofiira ngakhale tsabola wakuda. Ndi kachipatso ka mtengo waminga wa mtundu wa Zanthoxylum, umene uli m'banja limodzi ndi mandimu ndi malalanje, ndipo mitengo ina ya mtundu womwewu imamera yokha m'nkhalango za ku Africa. Kachipatsoko kakapsa n'kuumitsidwa kamang'aluka, ndipo ophika amatenga khoko lake lofiira n'kutaya njere yakuda ya m'kati, popeza njereyo imalumika m'mano. Khokolo silitentha m'kamwa. Poyamba limangonunkhira mandimu, kenaka pakapita kamphindi lilime ndi milomo zimachita dzanzi n'kuyamba kunjenjemera, malovu akudzadza m'kamwa. Chimene chimachititsa zimenezi ndi mankhwala achilengedwe otchedwa sanshool, amene amadzutsa mitsempha yomva kukhudza. Akatswiri a pa University College London anayeza kunjenjemera kumeneku mu 2013, ndipo anapeza kuti milomo imamva ngati ikugwedezedwa pafupifupi ka 50 pa sekondi imodzi. Tsabola wofiira amagwira ntchito mwa njira ina, chifukwa mankhwala otchedwa capsaicin amene ali m'kati mwake amanamiza mitsempha yomva kutentha kuti m'kamwa mwalowa moto. Motero Atchaina akamanena mala amakhala akuphatikiza zinthu ziwiri, ma amene ndi dzanzi la huajiao ndi la amene ndi kuwawa kwa tsabola, ndipo ophika amati dzanzilo limaziziritsa ukali wa motowo kuti wodya azimvabe fungo la zimene zili m'mbale.

Huajiao wotchuka kwambiri amachokera m'mapiri a ku Hanyuan, kum'mwera chakumadzulo kwa Chengdu, ndipo kale ankatumizidwa kunyumba ya mfumu monga msonkho. M'nthawi ya ufumu wa Han, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, makoma a chipinda cha mfumukazi ankazira ndi dothi losakaniza ndi huajiao, chifukwa cha fungo lake komanso chifukwa mtengo wobereka zipatso zochuluka chotero unkaimira mbumba yaikulu. Masiku ano kwatchukanso huajiao wobiriwira, amene amalimidwa kwambiri ku Jiangjin m'dera la Chongqing, wa fungo lakuthwa lomwe limayenerana ndi nsomba. Mphamvu ya huajiao sichedwa kutha, n'chifukwa chake wophika wosamala amamukazinga pamoto wochepa n'kumusinja pang'onopang'ono, wokwanira masiku ochepa okha. Dziko la United States linaletsa kulowa kwa huajiao kuyambira mu 1968 mpaka mu 2005 poopa matenda a mitengo ya malalanje, ndipo anthu ambiri kumeneko anakula akudya zakudya zolembedwa dzina la Sichuan zimene munalibe dzanzi ngakhale pang'ono.

Tsabola wofiira kwawo ndi ku Mexico ndi ku South America. Amalinyero a ku Spain ndi ku Portugal ndiwo anamufalitsa pambuyo pa 1492, ndipo zombo zomwezo zinamutsitsanso m'madoko a ku Africa, kotero kambuzi wa ku Malawi ndi tsabola wa ku Chengdu makolo awo ndi amodzi. Ku China, woyamba kumulemba anali Gao Lian wa ku Hangzhou mu 1591, ndipo anamuika m'gulu la maluwa okongoletsa pakhomo. Panadutsa zaka zoposa 150 kuti zolembedwa za ku Sichuan zimutchule, zimene zinachitika mu 1749 m'kaundula wa boma la Dayi, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amamutchula haijiao, tsabola wa kunyanja, posonyeza kuti anachita kubwera.

Pakati pa 1591 ndi 1749, Sichuan anadutsa m'tsoka lalikulu. Mu 1644, chaka chimene ufumu wa Ming unagwa, mtsogoleri wa zigawenga Zhang Xianzhong analanda Chengdu n'kudzilonga ufumu. Iye anaphedwa kumayambiriro kwa 1647, koma nkhondo pakati pa otsala a gulu lake, okhulupirika kwa Ming ndi asilikali a ufumu watsopano wa Qing inapitirira, kenaka kunabweranso kuukira kwa mkulu wa asilikali Wu Sangui kumene kunatha mu 1681. Lupanga, njala ndi miliri zinapululutsa anthu, moti zolembedwa za nthawi imeneyo zimasimba za akambuku oyendayenda m'matauni opanda anthu. Mafumu a Qing anaitana alimi a m'zigawo zina kuti adzatenge minda ya masiye, akuwalonjeza kuwachepetsera msonkho, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 mabanja anakhamukira m'chigwamo kuchokera ku Hubei, Hunan, Guangdong, Fujian, Jiangxi ndi Shaanxi. Anthu ambiri a ku Sichuan lero ndi zidzukulu za obwera amenewo. Banja lililonse linafika ndi mbewu zake ndi kaphikidwe ka kwawo, ndipo tsabola, chimanga ndi mbatata zinafalikira m'nyengo yomweyo. Kaphikidwe kamene tikukadziwa lero kanaumbika m'zaka za m'ma 1800, pamene miyambo ya obwerawa inali itasakanikirana.

Mukafunsa munthu wa ku Chengdu chifukwa chimene amakondera tsabola, kawirikawiri amaloza kumwamba. Chigwachi chimakhala ndi chinyezi, mitambo ndi nkhungu kwa miyezi yambiri, mpaka Atchaina ali ndi mwambi wakuti agalu a ku Sichuan amauwa dzuwa likatuluka chifukwa sanalizolowere. Malinga ndi chiphunzitso cha mankhwala achikhalidwe a ku China, chinyezi chimalowa m'thupi n'kubweretsa ulesi ndi kuphwanya kwa mafupa, ndipo zakudya zotentha zimachitulutsa kudzera m'thukuta. Anthu amakhulupiriradi zimenezi, koma yankho limeneli palokha silikwanira, pakuti ku Guangdong kulinso chinyezi chadzaoneni koma zakudya za kumeneko n'zofatsa. Chifukwa chogwira mtima kwambiri ndi umphawi. Tsabola amamera pakamunda kakang'ono ngakhale m'nthaka yosauka ya m'mapiri, amauma bwino, amasungika chaka chonse, ndipo pang'ono pokha amathandiza munthu kumeza mbale yaikulu ya mpunga kapena mbatata. Aliyense amene anadyapo nsima ndi ndiwo zoperewera amadziwa ntchito ya tsabola pa tsiku loterolo. M'chigawo choyandikana cha Guizhou, kumene mchere unali wosowa ndi wokwera mtengo, zolembedwa za mu 1721 zimati anthu a m'mapiri ankadya tsabola m'malo mwa mchere. Anthu olemera anamuona ngati chakudya cha amphawi kwa nthawi yaitali, ndipo pamaphwando a akuluakulu a boma ankaoneka mwa apo ndi apo mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Ku Sichuan mchere sunali wosowa, ndipo apa ndi pamene pagona kusiyana kwa kaphikidwe kake ndi ka zigawo zina zodya tsabola. Ngakhale chigawochi chili kutali ndi nyanja, pansi pake pali madzi amchere ochuluka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1000, anthu anaphunzira kuboola miyala pomenyetsa chitsulo cholemera chomangiriridwa ku zingwe za nsungwi, ndipo mu 1835 chitsime cha Shenhai ku Zigong chinafika kuya kwa mamita 1,001, kukhala choyamba padziko lapansi kupitirira mamita 1,000. M'zitsime zomwezo munkatuluka gasi, amene ankamuyendetsa m'mapaipi a nsungwi kukawiritsira madziwo mpaka patatsala mchere woyera. Pamene nkhondo yapachiweniweni ya Taiping inatseka njira ya mtsinje wa Yangtze m'zaka za m'ma 1850, mchere wa kunyanja unaleka kufika ku Hubei ndi ku Hunan, ndipo amalonda a ku Zigong analemera kwadzaoneni n'kuyamba kupikisana polemba ntchito ophika aluso. Antchito awo ankadya zina. Njati zoweta zambirimbiri zinkazungulitsa mawilo okokera madzi amchere, ndipo njati ikakalamba kapena kutheratu mphamvu inkaphedwa, nyama yake yolimba n'kugulitsidwa motchipa. Anthu a ku Zigong amati ndi pamenepo panachokera shuizhu niurou, nyama yoduladula mopyapyala imene amaiphika mwachangu mumsuzi, kenaka n'kuwaza tsabola ndi huajiao pamwamba ndi kuthirapo mafuta owira kuti fungo lidzuke mbaleyo ikupita patebulo.

Mchere ndi chinyezi zikakumana, zakudya zimavundikika bwino, ndipo pafupifupi zokometsera zonse zimene zimapanga kakomedwe ka Sichuan n'zovundika. Chachikulu mwa izo ndi doubanjiang, phala lokhuthala lofiira la ku Pixian, dera limene tsopano limatchedwa Pidu kumpoto chakumadzulo kwa Chengdu. Amatenga nyemba zikuluzikulu zophwatalala za mtundu wa fava, kuzisenda, kuzisakaniza ndi ufa wa tirigu n'kuzisiya kuti zichite chuku chabwino chimene chimaphwanya nyembazo n'kutulutsa kukoma. Kenaka amaziphatikiza ndi mchere ndi tsabola wamtali wotchedwa erjingtiao, amene amanunkhira kwambiri koma sawawa mopitirira, n'kuziika m'mbiya zikuluzikulu zondandalikidwa pabwalo. Masana mbiyazo amazivundukula kuti ziwombedwe ndi dzuwa, usiku amazisiya kuti zigwidwe ndi mame, mvula ikayamba amathamangira kuzivundikira, ndipo tsiku lililonse wantchito amavundula mbiya iliyonse ndi mtengo. Phala la chaka chimodzi limakhala lofiira kwambiri, pamene la zaka zitatu limadera n'kukhala ndi kukoma kozama, ndipo ophika ena amasakaniza awiriwa kuti apeze mtundu ndi kukoma pamodzi. Doubanjiang sadyedwa wosaphika. Amayamba amukazinga m'mafuta pamoto wapakatikati mpaka mafutawo atafiira, ndipo wophika amene wafulumira pamenepa waononga ndiwo yonse.

M'nyumba zambiri mumakhalanso mtsuko wa paocai, masamba oviikidwa m'madzi amchere. Mtsukowo uli ndi kangalande kozungulira kukamwa kwake mmene amathiramo madzi, kenaka n'kuvundikira ndi mbale yozondotsa, kotero kuti mpweya wa m'kati umatuluka koma wa kunja sulowa. M'menemo mumaviikidwa tsabola, jinja, kabichi, zitheba ndi zina za m'nyengo, ndipo madziwo satayidwa, amangowonjezeredwa mchere ndi zonunkhira chaka ndi chaka, mwinanso kugawirako mwana wamkazi akamakayamba banja lake. Matauni ena anatchuka ndi chokometsera chimodzi: Yibin ndi masamba a mpiru ovundika otchedwa yacai, Fuling ndi tsinde la mpiru lotchedwa zhacai, Langzhong ndi viniga wakuda wa Baoning, Yongchuan ndi soya wakuda wovundika.

Luso lenileni la wophika limaoneka pa kusakaniza zinthu zimenezi. Ophika a ku Sichuan ali ndi mawu amene amawabwereza kawirikawiri, akuti ndiwo iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo ndiwo 100 zili ndi makomedwe 100. M'sukulu zophunzitsa kuphika amawerenga mitundu ya makomedwe osakaniza yoposa 20, ndipo mala ndi umodzi chabe mwa iyo. Wophunzira amaloweza mlingo wa zokometsera za mtundu uliwonse, ndipo akaudziwa angathe kuuika pa nyama, pa nsomba kapena pa masamba. Mtundu wotchedwa yuxiang, kununkhira kwa nsomba, mulibe nsomba m'kati mwake: ndi tsabola wa mumtsuko, jinja, adyo, anyezi wamasamba, shuga ndi viniga, zimene kale ankaphikira nsomba, ndipo lero zimakoma kwambiri pa mabiringanya kapena pa nyama ya nkhumba yolezaleza. Guaiwei, kukoma kwachilendo, ndi wovuta kuposa yonse, chifukwa mchere, kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, dzanzi ndi fungo la chitowe ziyenera kumveka zonse popanda china kupondereza chinzake. Ngakhale tsabola yemweyo amasintha malinga ndi mmene wakonzedwera. Wouma akakazingidwa m'mafuta mpaka kuyamba kudera amatulutsa fungo la utsi losawawa kwenikweni, wosinja akathiridwa mafuta otentha amapanga mafuta ofiira othira pa zakudya zozizira, pamene wa mumtsuko amabweretsa kuwawasa. Ku Chongqing kuli nkhuku yotchedwa laziji imene imabwera itakwiririka mumulu wa tsabola wouma, ndipo mlendo amene amayesa kudya muluwo amaseketsa eni ake, pakuti tsabolayo ntchito yake inathera m'mafuta ndipo wodya amangofukula tizidutswa ta nkhuku ndi timitengo todyera.

Ndiwo zitatu zotchuka zimaonetsa bwino kumene kaphikidwe kameneka kanachokera. Mapo doufu inayambira pakanyumba kodyeramo pafupi ndi mlatho wa Wanfu, kumpoto kwa Chengdu, cha mu 1862. Mkazi wa mwini malowo, a Chen, anali ndi zipsera za nthomba kumaso, ndipo ndiwoyo inatengera dzina lake pa zipserazo. Anthu a mumzindawo amasimba kuti amtengatenga onyamula mafuta ankapumira pamenepo, n'kumapatsa mayiyo mafuta pang'ono, tofu ndi kanyama ka ng'ombe kuti awaphikire. Tofu, amene amapangidwa poumitsa mkaka wa soya, payekha alibe kukoma kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake amaonetsa msanga luso la wophika kapena kuperewera kwake. Nyama yogaya iyenera kukazingidwa mpaka kuuma, doubanjiang ndi soya wakuda zifiiritse mafuta, tofu akhale wofewa koma wosaphwanyika, msuzi ukhuthalitsidwe ndi sitachi pang'onopang'ono katatu kuti umatirire, ndipo huajiao wosinja awazidwe pomalizira mbaleyo ikadali yotentha kwambiri.

Gongbao jiding ndi ya anthu a pamwamba. Dzina lake limakumbutsa Ding Baozhen, mbadwa ya ku Guizhou amene anali bwanamkubwa wa Sichuan kuyambira mu 1876 mpaka imfa yake mu 1886, ndipo gongbao linali dzina laulemu limene anapatsidwa. Chifukwa cha ubale umenewu ndi nthawi ya mafumu, ndiwoyi inasinthidwa dzina m'nyengo ya chipwirikiti cha ndale cha 1966 mpaka 1976, n'kudzalibwezeretsa pambuyo pake. Ikaphikidwa bwino imakhala nkhuku yodula timabokosi, mtedza wokazinga ndi anyezi, m'mafuta onunkhira tsabola wopserera pang'ono, ndi msuzi wochepa wowawasa ndi wotsekemera mofatsa. Imene imagulitsidwa kunja kwa China kawirikawiri imasambira mumsuzi wa shuga wambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu ambiri amaweruza kaphikidwe konse ka Sichuan potengera mbale imeneyo.

Koma mukafunsa anthu a ku Sichuan okhala kutali ndiwo imene amailakalaka, ambiri amatchula huiguorou, nyama ya nkhumba yobwerera mumphika. Amawiritsa nthuli ya ntchafu yokhala ndi khungu ndi mafuta, kuisiya kuti izizire, kuidula mopyapyala, n'kuikazinga m'chiwaya chakuya mpaka zidutswazo zitapindika m'mphepete ndi kutulutsa mafuta ake. Pamenepo amathira doubanjiang, soya wakuda ndi masamba a adyo. Mwambo umagwirizanitsa ndiwoyi ndi nsembe za makolo: nyama yowiritsa inkayamba yaikidwa paguwa la mizimu ya banja, ndipo mwambo ukatha inkabwezeredwa pamoto kuti amoyo adye.

Pali mbali ina ya kaphikidwe kameneka imene alendo ambiri saidziwa, chifukwa mulibe tsabola ngakhale mmodzi. Ndiwo imene ophika akuluakulu amayesera luso lawo ndi kaishui baicai, mitima ya kabichi wa Chitchaina mumsuzi woyera mbee wooneka ngati madzi. Msuziwo amauwiritsa kwa maola ambiri ndi nkhuku yaikulu, bakha ndi nyama ya nkhumba yofutsa ndi mchere, kenaka amathiramo nyama yosinja kuti ikoke zinyalala zonse n'kuyandama nazo, ndipo amabwereza mpaka msuziwo utayera osataya kukoma. Ndiwoyi yakhala ikuperekedwa pamaphwando a boma ku Beijing. Bakha wotchedwa zhangcha amadutsa m'magawo anayi, kumunyika m'zokometsera, kumufukiza ndi utsi wa masamba a tiyi ndi a mtengo wa camphor, kumuphika ndi nthunzi, ndi kumukazinga m'mafuta ambiri kuti khungu likhale lokhukhuluza. Kumidzi nako, paukwati, pamaliro kapena pokondwerera mwana wobadwa, amayala matebulo pabwalo n'kupereka phwando la mbale zisanu ndi zinayi, zambiri mwa izo zophika ndi nthunzi chifukwa zimenezo zingakonzedwe dzulo lake n'kutenthetsedwa nthawi imodzi kuti zikwanire khamu. Imodzi mwa mbalezo ndi nyama ya nkhumba yamafuta yokhala ndi phala la nyemba lotsekemera pakati, yogonekedwa pa mpunga womata wothira shuga.

Chimene chafalikira padziko lonse kuposa zonsezi ndi huoguo, mphika wowira pakati pa tebulo umene aliyense amadziphikira yekha. Mtundu wake wowawa unayambira m'madoko a Chongqing, pamene Jialing amakumana ndi Yangtze, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Opalasa mabwato ndi amtengatenga ankagula motchipa zam'kati za ng'ombe kumalo ophera nyama, n'kuziviika mumsuzi wa mafuta a ng'ombe, tsabola ndi huajiao, umene unkabisa fungo la matumbo ndi kutenthetsa thupi m'nyengo yozizira. Ogulitsa m'misewu ankaika chitsulo chogawa mphika m'zigawo zisanu ndi zinayi kuti anthu osadziwana adyere mumphika umodzi, aliyense akuyang'anira chigawo chake n'kulipira malinga ndi mbale zimene wadya. M'zaka za m'ma 1930 huoguo analowa m'nyumba zodyeramo. Mpaka lero chifu cha ng'ombe ndicho chimalemekezedwa kwambiri, ndipo odziwa amachiviika ndi kuchivuula kwa masekondi ochepa okha kuti chisalimbe, kenaka n'kuchisunsa m'mafuta a chitowe osakaniza ndi adyo, amene amaziziritsa kutentha kwake.

Nkhondo ya China ndi Japan inathandiza kufalitsa zakudya zimenezi, pakuti boma linasamukira ku Chongqing kumapeto kwa 1937 n'kukhalako mpaka mu 1946, ndipo akuluakulu a boma, aphunzitsi ndi amalonda ochokera m'zigawo zonse anabwerera kwawo atazolowera mala. Wophika wina wa ku Sichuan, Chen Kenmin, anatsegula malo odyera ku Tokyo mu 1958 n'kufewetsa mapo doufu kuti igwirizane ndi pakamwa pa anthu a ku Japan, kumene lero ndi ndiwo wamba ya m'nyumba. Funde lalikulu linadza kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu mamiliyoni ambiri a m'midzi ya Sichuan anapita kukagwira ntchito m'mafakitale ndi m'zomangamanga za m'mizinda ya kugombe, ena mwa iwo n'kutsegula timalo todyera totsika mtengo. Kampani ya huoguo ya Haidilao, imene inayamba mu 1994 ku Jianyang ndi matebulo anayi, tsopano ili ndi malo odyera oposa 1,000. Mu 2010 bungwe la UNESCO linapatsa Chengdu ulemu wa mzinda wa luso la zakudya, woyamba ku Asia kulandira ulemu umenewu.

Kutchuka kumeneku kwabwera ndi mtengo wake, ndipo ophika achikulire a ku Chengdu akhala akudandaula poyera. Huoguo safuna wophika amene anaphunzira zaka zambiri, chifukwa zokometsera za msuzi zingakonzedwe kufakitale n'kutumizidwa m'mapaketi, ndipo wantchito wa m'khitchini amangodula nyama ndi masamba. Tsabola wambiri ndi mafuta ambiri zimabisanso nyama imene si yatsopano, pamene msuzi woyera wa kaishui baicai subisa kanthu, umadya tsiku lathunthu, ndipo mwini malo odyera sapindula nawo msanga. Malonda akamakula, mitundu ya makomedwe yofuna dzanja losamala imacheperachepera pa mindandanda ya zakudya, mala yekha n'kumakulirakulira. Dandaulo limeneli n'lomveka, ngakhale kuti tiyenera kukumbukira kuti mapo doufu ndi huoguo nazonso zinayamba ngati zakudya zimene olemera ankazinyoza.

M'nyumba za anthu ndi m'timalo tating'ono ta m'makwalala, timene anthu a ku Chengdu amatitchula mwanthabwala kuti malo odyera a ntchentche, kayalidwe kakale ka tebulo kakadalipo. Woitanitsa chakudya cha anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amayamba ndi mbale yozizira ya mafuta ofiira kapena ya adyo wosinja, n'kusankha ndiwo imodzi kapena ziwiri zowawa kwambiri, ina ya yuxiang kapena huiguorou, ina yophika ndi nthunzi, ndi masamba okazinga ndi mchere wokha. Amene waitanitsa mbale zowawa zokhazokha amaonedwa kuti sadziwa kudyetsa alendo. Chakumapeto kumabwera mpunga ndi kambale ka paocai, pamodzi ndi msuzi wopepuka wa masamba owiritsa umene nthawi zambiri sathiramo ngakhale mchere.